Zoseweretsa za makanda ndi ana aang'ono: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene makolo, agogo ndi alezi a kumkombaphala amafunsa kawirikawiri akafuna kugula kapena kupanga choseweretsa cha mwana wosapitirira zaka 5. Miyezi ndi zaka zimene tatchula ndi zongokupatsani chithunzithunzi, chifukwa ana sakula mofanana. Ngati mwana anabadwa masiku asanakwane, muziwerengera msinkhu wake kuchokera pa nthawi imene ankayenera kubadwa, mpaka atakwanitsa zaka 2.

Kodi choseweretsa "chophunzitsa" chimasiyana bwanji ndi chidole wamba?

Mawu olembedwa pabokosi asakutengeni mtima, ndi a wotsatsa malonda. Inu dzifunseni kuti pakati pa mwanayo ndi chidolecho, akugwira ntchito ndi ndani? Chidole cha mabatire chimene mwana akangodina batani chimayimba, kuthwanima ndi kuyenda chokha, chamulanda ntchito yonse. Iye watsala wongoonerera, ndipo pakatha masiku ochepa amachiponya pakona. Koma mupatseni timatabwa 6 tosalala. Lero atisanja, tigwa, ayambiranso. Mawa tasanduka minibasi, mkuja ndi okala yogulitsiramo sopo. Pamenepo manja, maso ndi mutu zikugwira ntchito limodzi.

Chachiwiri, onani ngati chidolecho chikukupatsani inuyo chonena. Kafukufuku wina wa ku America, amene anatuluka mu 2016 m'magazini ya madokotala a ana yotchedwa JAMA Pediatrics, anajambula mawu m'nyumba za mabanja 26 okhala ndi ana a miyezi 10 mpaka 16. Anapeza kuti posewera ndi zidole zamagetsi, makolo ankalankhula mawu ochepa ndiponso sankawayankha kawirikawiri anawo, kusiyana ndi posewera ndi mabuku kapena timatabwa. Chidole chikamalankhula, munthu wamkulu amakhala chete. Koma mwana amaphunzira chilankhulo kwa munthu amene akumuyang'ana ndi kumuyankha, osati kwa sipika.

Mwana wanga ali ndi milungu yochepa. Ndimugulire chiyani?

Musagule kanthu kaye. Khanda limaona bwino chinthu chimene chili pamtunda wa masentimita 20 mpaka 30, womwe ndi mtunda wochokera pabere kufika pankhope ya mayi wake. Ndiye muyang'aneni m'maso, mulankhuleni, mutulutsireni lilime, kenako dikirani. Kudikirako n'kofunika: mwana akalira kamawu kake, inu muyankhe, iye abwezenso. Bambo nawonso achite zimenezi, si za amayi okha.

Pamsinkhu umenewu maso amakopeka ndi mitundu yosiyana kwambiri, monga chakuda pa choyera. Chitenje cha maluwa akuluakulu chopachikidwa pamene mwana akuchiona koma sangachikoke chikwanira.

Chinanso chaulere ndi kumugoneka chafufumimba pamphasa ali maso, inu muli pomwepo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza mphindi zosachepera 30 patsiku kwa mwana amene sanayambe kukwawa, zogawidwa pang'onopang'ono. Yambani ndi mphindi 2 kapena 3, ndipo musatero atangoyamwa kumene chifukwa amabweza mkaka. Izi zimalimbitsa khosi, mapewa ndi msana. Koma pogona tulo, mwana agone chagada, ndipo pamalo pake pasakhale chidole chofewa, pilo kapena mulu wa nsalu mpaka atakwanitsa chaka. Zinthu zimenezi zimatha kumutseka mphuno iye alibe mphamvu zozikankha.

Pofika miyezi 3 kapena 4 amayamba kutambasula dzanja kufuna kugwira. Apa mukhoza kumupatsa chinthu chopepuka cholira akachigwedeza. Chogwirira chake chisakhale chowonda ndi chachitali moti n'kumufika kummero.

Wafika miyezi 6, ndipo chilichonse akuika m'kamwa. Ndimuletse?

Ayi. Si kupanda mwambo kapena njala. Milomo ndi lilime ndi zimene mwana amadziwira ngati chinthu n'cholimba, chofewa kapena chozizira. Ntchito yanu ndi kusankha zimene zili pafupi naye.

Kuyambira miyezi 6 mpaka chaka, mwana amakonda kusinthitsa chinthu m'manja, kumenyanitsa ziwiri, kugwetsa kuti inu mutole, ndi kutulutsa zinthu m'chotengera. Zambiri mwa izi zili kale kukhitchini kwanu: kapu ya pulasitiki, mthiko wosalala, chipande, chivindikiro cha poto, mabakuli a pulasitiki olowana lina m'linzake. Kugwetsa kuja, kumene kumatopetsa munthu wamkulu, ndi phunziro lenileni. Mwana akuyesa ngati chinthu chimagwa nthawi zonse, ndipo chimalira bwanji pasimenti kusiyana ndi pamkeka.

Cha m'ma miyezi 8 amayamba kuzindikira kuti chinthu chikabisika sichinatheretu. Phimbani kapu ndi kansalu iye akuona, musiye mbali ina ikuonekera, ndipo mufunseni kuti "Ili kuti?" Akazolowera, phimbani yonse.

Chenjezo ndi ili: kuyambira miyezi 9 mwana amayamba kutola tinthu ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Njere ya chimanga, nyemba, ndalama yachitsulo, batani la malaya, zonse amaziona inu musanazione. Sesani pamene akusewera, makamaka nyengo yotonola chimanga ndi yoswa mtedza.

Nanga wa chaka chimodzi kufika zaka 3?

Uyu ndi woyenda, wonyamula ndi wotsanzira. Zomuyenera ndi zokankha, mpira waukulu wosalowa m'kamwa, timatabwa tosanja, chidole cha nsalu choti abereke ndi kansalu, ndi chotengera choti aziponyamo zinthu n'kukhuthula. Pa miyezi 15 ana ambiri amasanja timatabwa 2, pa zaka 2 amafika pa 6. Musamusanjire nsanja yonse. Ikani kamodzi, mupatseni kachiwiri m'dzanja, ndipo ikagwa sekani naye.

Madzi ndi mchenga ndi zoseweretsa zabwino kwambiri pamsinkhu uwu: kuthira, kudzaza, kukhuthula, ndi mawu onse amene amabwera nazo monga "yadzaza", "yatha", "yolemera". Koma mwana wa msinkhu umenewu mutu wake ndi waukulu ndiponso wolemera poyerekeza ndi kukula kwa thupi lake, ndipo akapendekera m'ndowa kapena m'beseni satha kudzuka. Madzi a masentimita ochepa chabe akhoza kumupha, ndipo sakuwa. Masewera akatha tayani madziwo nthawi yomweyo, ndowa muivundikire pansi.

Wa zaka 3 mpaka 5 amafuna zotani?

Zoyerekezera moyo wa akuluakulu. Masanje ndi sukulu yathunthu: muli kugawana ntchito, kukambirana, kudikira, kukangana ndi kugwirizananso. Apatseni timapoto takale, zipande, nsanza ndi makatoni, koma moto weniweni ayi. Onjezani dongo loumba, makala kapena choko cholembera, zithunzi zodulidwa zoti azilumikiza, ndi chingwe chodumpha akayandikira zaka 5. Phada wojambula pansi amaphunzitsa kuima ndi mwendo umodzi ndi kutsatira malamulo, ndipo salira ndalama.

Ndingadziwe bwanji kuti chinthu chikhoza kumutsamwitsa?

Apa m'pamene pamafunika kudekha, chifukwa choseweretsa chophunzitsa bwanji chilibe phindu ngati chingatseke mpweya wa mwana.

Ku Ulaya ndi ku America zoseweretsa za ana osakwana zaka 3 amaziyesa ndi kachubu kotambalala mamilimita 31.7. Chinthu chikalowa chonse m'kachubuko, n'choletsedwa. Kunyumba gwiritsani ntchito kachubu ka katoni kotsala tishu ya kuchimbudzi ikatha. Ndi kotambalala pang'ono kuposa ka akatswiriwo, ndipo zimenezo n'zabwino. Chilichonse cholowamo musapatse mwana wosakwana zaka 3. Zitsekerero za mabotolo a Fanta ndi Sobo, zachitsulo ndi zapulasitiki zomwe, zimalowamo. Zinthu zobulungira n'zoopsa koposa chifukwa zimatseka njira ya mpweya mosasiya mpata, ndiye mpira uliwonse wochepera masentimita 4.5 usafike kwa mwana wotere.

Musangoyesa chidolecho chathunthu. Yesani zimene zingathothokepo. Kokani ndi mphamvu maso a chidole, mphuno, mabatani, mateyala a kagalimoto, ndi kawezulo kamene kamakhala kunsi kwa zidole za labala zolira ukazifinya. Chigwetseni pasimenti kangapo kuchokera m'chiuno mwanu. Chikasweka m'manja mwanu, bola, chifukwa chikanasweka m'kamwa mwa mwana.

Mabaluni ndi nkhani ina. Baluni yosapopa kapena chidutswa cha yophulika chikalowa kummero chimamatirira ndipo n'chovuta kuchitulutsa. N'chifukwa chake mapaketi ake amachenjeza za ana osakwana zaka 8. Pa phwando la tsiku lobadwa, tolani zidutswa nthawi yomweyo. Majumbo nawonso asakhale choseweretsa.

Zingwe: pa choseweretsa cha khanda chingwe chisapitirire masentimita 22, kuti chisazungulire khosi. Musamangirire chidole pakhosi pa mwana kapena kudutsitsa chingwe pamwamba pa malo ake ogona akayamba kudzuka yekha.

Pamene pamavuta kwambiri ndi pabanja la ana angapo. Tizidole ta wa zaka 6 ndi timene timatsamwitsa wa miyezi 10. Wamkuluyo akhale ndi chitini chake chotseka, chosungidwa pamwamba.

Kodi mabatire ang'onoang'ono obulungira aja ndi oopsadi?

Kwambiri, ndipo makolo ambiri sadziwa. Amapezeka m'zidole zothwanima, mawotchi, timatochi, marimoti ndi nsapato zoyaka magetsi. Oopsa kwambiri ndi aakulu mamilimita 20, monga olembedwa CR2032, chifukwa amakakamira kummero kwa mwana. Likakhala pamenepo, magetsi ake akakumana ndi malovu amapanga mankhwala owotcha mnofu, ndipo m'maola 2 okha chilonda chachikulu chimakhala chitayamba. Ngakhale batire lakutha limene silingayatsenso chidole limawotchabe.

Musanagule, tembenuzani chidolecho. Chitseko cha mabatire chikhale chomangidwa ndi sikulu. Ngati chimatseguka ndi chikhadabo, chisiyeni.

Ngati mukuganiza kuti mwana wameza batire, musadikire zizindikiro, chifukwa poyamba akhoza kuoneka bwinobwino kapena kungodontha dovu, kukana kudya ndi kutsokomola. Musamusanzitse. Thamangirani kuchipatala chimene chili ndi makina a X-ray, ndipo mukangofika nenani kuti ndi batire, asakuikeni pamzere. Ngati mwanayo wapitirira chaka chimodzi, akutha kumeza, ndipo sipanathe maola 12, mukhoza kumupatsa timasupuni 2 ta uchi mphindi 10 zilizonse muli m'njira, osapitirira maulendo 6. Uchi umachepetsa kuwotchako koma suchotsa batire, ndipo musachedwe ulendo chifukwa chofunafuna uchi. Mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi.

Maginito ang'onoang'ono amphamvu ali ndi vuto lawo. Mwana akameza awiri, amakokana ali m'zigawo zosiyana za matumbo, n'kupana mnofu mpaka kubowola. Zilembo zomata pafiriji zimene kamaginito kake kamathothoka musazipatse ana aang'ono.

Zidole za pakaunjika ndi za pamsika, ndigule kapena ayi?

Gulani, koma ndi maso. Nthawi zambiri chidole cha pakaunjika chimakhala cholimba kuposa chatsopano chotchipa. Vuto lake n'lakuti chimabwera chopanda bokosi, ndiye chenjezo la msinkhu palibe. Muyenera kuchiyesa nokha monga tafotokozera. Yang'anani ming'alu, m'mbali mwakuthwa, dzimbiri kapena ufa woyera pamalo a mabatire, ndi misoko yomasuka pa zidole za nsalu, chifukwa zina mkati mwake muli timipira tapulasitiki. Zansalu muzichape ndi sopo ndi kuziyanika padzuwa mpaka ziume mkati momwe.

Zatsopano za pabenchi, nunkhizani. Fungo lamphamvu la mankhwala kapena la petulo likusonyeza pulasitiki yosayenera kulowa m'kamwa mwa khanda. Pukutani ndi kansalu konyowa koyera; utoto ukatsalira pansalu, utsaliranso palilime. Pulasitiki yokhalitsa padzuwa imafwifwa ndi kuuma, ndipo ikasweka imasiya zidutswa zakuthwa.

Pabokosi mukaona kankhope kachisoni m'kati mwa mzere wofiira wozungulira, kolembedwa 0-3 ndi kudulidwa pakati, tanthauzo lake n'lakuti chinthucho si cha mwana wosakwana zaka 3. Ena amaganiza kuti "wanga ndi wanzeru, atha". Chizindikirocho sichikunena za nzeru. Chikunena za kukula kwa kummero. Zilembo za CE zimatanthauza kuti wopanga akunena kuti watsatira malamulo a ku Ulaya, koma zilembo ziwiri aliyense akhoza kudinda, ndiye zisakuchititseni kusiya kuyesa.

Ndikufuna kupenta timatabwa kuti tikongole. Penti wotsala kunyumba angathandize?

Ayi. Penti wina wamafuta, makamaka wachikasu ndi wofiira, amakhala ndi mtovu. Mtovu umawononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono osaonetsa chizindikiro, ndipo WHO imanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Simungauone kapena kuununkhiza. Thabwa losapenta, lokwechedwa bwino ndi sandipepa, ndilo labwino.

Pewaninso matabwa othiridwa mankhwala a chiswe kapena opakidwa oyilo wakuda wa galimoto, mabotolo ndi zitini zimene munali mankhwala a mbewu, a ziweto kapena parafini ngakhale mutazitsuka, matumba a feteleza, ndi chilichonse chochokera m'batire la galimoto kapena mabatire a wailesi ong'ambika.

Ndalama zogulira ndilibe. Kodi zopanga ndekha zingafanane ndi za m'sitolo?

Zingafanane, ndipo umboni wake ndi wamphamvu. Mu 1986 ndi 1987, mumzinda wa Kingston ku Jamaica, akatswiri anayamba kafukufuku pa ana opinimbira a m'mabanja osauka. Alangizi a zaumoyo ankayendera ena mwa mabanjawo sabata iliyonse kwa zaka 2, kuphunzitsa amayi kusewera ndi kucheza ndi ana awo pogwiritsa ntchito zoseweretsa zopangidwa pamanja ndi mabuku a zithunzi. Patatha zaka 20, anawo atakula ankapeza ndalama zochuluka ndi pafupifupi 25 peresenti kuposa anzawo opinimbira amene sanayenderedwe. Zidolezo zinali zotchipa. Chimene chinasintha ndi mmene wamkulu ankasewerera ndi mwana.

Chitsukulumwa cha botolo ndicho chosavuta. Tengani botolo laling'ono la pulasitiki la chakumwa, litsukeni, liume kotheratu, chifukwa likatsala ndi chinyezi mkati mumamera nkhungu. Thirani masupuni 2 a mpunga. Tikunena mpunga osati timiyala kapena nyemba chifukwa chitsekerero chikadzatseguka, mpunga sungatseke mpweya ngati nyemba. Pakani guluu pakamwa pa botolo, tsekani mwamphamvu, kulungani ndi tepi. Chitsekererocho muzichiyesa tsiku lililonse, ndipo botolo likang'ambika litayeni.

Timatabwa mukapemphe zidutswa zotsala kwa kalipentala. Mbali iliyonse ikhale masentimita 5 kapena kuposa, makona onse akwechedwe mpaka mukadutsitsa patsaya panu musamve kukanda. Mufunseni ngati thabwalo linathiridwa mankhwala.

Choponyamo zinthu: kontena yaikulu ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro, muboole mpata wautali pachivindikirocho, m'mbali mwa mpatawo mumatemo tepi kuti musacheke zala. Zoponyamo zikhale zivindikiro zazikulu za mabotolo a jamu kapena chiponde, zosalowa m'kachubu kaja. Mwana wa chaka chimodzi amatha nthawi yaitali akuvutika kutembenuza chivindikiro kuti chilowe, ndipo kuvutika kumeneko musamulande.

Chidole cha nsanza muchisokere maso ndi pakamwa ndi ulusi, osati mabatani kapena mikanda, ndipo mkati muikemo nsanza zochapa.

Buku la katoni: masamba 4 kapena 5, tsamba lililonse chithunzi chimodzi chachikulu cha chinthu chimene mwana amachidziwa, monga nkhuku, njinga, mphika, nthochi. Bowolani m'mbali ndi kumanga ndi timfundo tatifupi. Chithunzi china mukhoza kuchimata pakatoni n'kuchidula kuti mwana azilumikiza: zidutswa 2 kapena 3 kwa wa zaka 2, zidutswa 4 mpaka 6 kwa wa zaka 3, n'kumaonjezera akamazolowera.

Kumene dongo la kudambo kulibe, sakanizani makapu 2 a fulawa, kapu imodzi ya mchere, masupuni 2 a mafuta ophikira, ndi madzi pafupifupi kapu imodzi, othira pang'onopang'ono mukukanda. Chikamamata m'manja onjezani fulawa, chikamanyenyeka onjezani madzi. Sungani m'kontena yotseka. Mcherewo ndi wochuluka moti ungadwalitse mwana akadya zambiri, ndiye izi ndi za amene wasiya kuika zinthu m'kamwa.

Galimoto yamawaya ndi luso lapamwamba, koma ndi ya ana okulirapo. Nsonga zonse zipindidwe, ndipo chiwongolero chake chachitali chija chisafike pafupi ndi maso a wokwawa. Mpira wachikulunga umangidwe zolimba, ukayamba kuyoyoka zidutswa za jumbo ukonzedwe.

Walker, kampando ka mateyala kokhazikamo mwana kuti aziyenda, imathandiza mwana kuyenda msanga?

Siithandiza. Mwana ali mu walker amayenda chonyang'ama, saona mapazi ake, ndipo saphunzira kudziimika yekha kapena kugwa ndi kudzuka. Chimene imachita ndi kumupatsa liwiro ndi msinkhu zimene nzeru zake sizinafikepo: m'kanthawi kochepa wafika pambaula, wakoka poto wa phala, kapena wagubuduka pamasitepe a khonde. Dziko la Canada linaletsa kugulitsa ma walker mu 2004. M'malo mwake mulole akwawe, aimirire pogwira mpando wolimba, ndipo mupatseni katoni yokhala ndi zolemera pang'ono mkati kuti aziikankha.

Foni ili ndi mavidiyo ophunzitsa zilembo. Kodi si choseweretsa chabwino?

Malangizo a WHO a mu 2019 akuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere foni kapena TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku; kuchepera apo ndi bwino koposa. Khanda limavutika kutenga zimene laona pagalasi n'kuzigwiritsa ntchito pa zinthu zenizeni. Kucheza pavidiyo ndi bambo ali ku Johannesburg kapena agogo kumudzi n'kosiyanako, chifukwa kumbali inayo kuli munthu womuyankha. Wamkulupo akamaonera, khalani naye, mufunseni zimene akuona, ndipo foni isakhale chotonthozera nthawi iliyonse akalira kapena akamadya.

Zidole zingati ndi zokwanira?

Zochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Pa kafukufuku wa pa yunivesite ya Toledo ku America, wotuluka mu 2018, ana 36 a miyezi 18 mpaka 30 anapatsidwa zidole 4 nthawi ina ndi 16 nthawi ina. Ali ndi 4 ankasewera nthawi yaitali ndi chidole chimodzi, ndipo ankachigwiritsa ntchito m'njira zambiri. Ngati muli nazo zambiri, tulutsani 4 kapena 5, zina mubise m'katoni, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri musinthe.

Mnyamata angasewere ndi chidole cha mwana? Nanga mtsikana ndi galimoto?

Inde, onse awiri. Kubereka chidole kumaphunzitsa kusamala wina ndi mawu ambiri. Kumanga ndi kukankha kumaphunzitsa kukula, kutalika ndi kulemera kwa zinthu, komwe ndi poyambira masamu. Mwana aliyense amafunika zonse.

Ndikufuna adziwe ABC ndi kuwerenga manambala asanayambe sukulu. Ndigule tchati?

Tchati si choipa, koma kuloweza si kudziwa. Mwana wa zaka 3 akhoza kuimba manambala mpaka 20 koma osatha kukupatsani mbatata 3. Kuwerenga kwenikweni ndi kukhudza chinthu chimodzi pa nambala imodzi, ndi kudziwa kuti nambala yomaliza ndiyo kuchuluka kwa zonse. Zimenezi amaphunzira pogawa masupuni pa nthawi ya chakudya, posanja zisononkho kuyambira chachifupi kufika chachitali, kapena posiyanitsa zitsekerero zofiira ndi zobiriwira akapitirira zaka 3. Akayandikira zaka 5 kapena 6, bawo losavuta la maenje okumba pansi limamuphunzitsa kuwerenga ndi kuganiza za kutsogolo. Njere zosewerera zisakhale nsatsi, chifukwa zili ndi poizoni mwana akazitafuna, ndipo samalani ndi nyemba zimene ana amakonda kulowetsa m'mphuno ndi m'makutu.

Kumbali ya zilembo, maziko ake ndi mawu ochuluka m'chilankhulo chimene mwana amamva pakhomo. Nthano, ndagi, nyimbo zowomba m'manja, ndi kuyang'ana limodzi buku mukufunsa kuti "Uyu akupita kuti?" zimamukonzekeretsa kuposa chidole choimba ABC m'Chingerezi chimene sakuchimva. Chichewa cholimba sichilepheretsa Chingerezi. Sitandade 1 amayamba ali ndi zaka 6, ndiye nthawi ilipo. Dzanja lake likonzekere pokhwatchakhwatcha ndi makala, kuumba dongo ndi kung'amba mapepala. Kumukakamiza kulemba m'mizere ali ndi zaka 3 kumangomudanitsa ndi pensulo.

Ndizitsuka bwanji, ndipo kangati?

Zolowa m'kamwa mwa khanda muzitsuka tsiku lililonse ndi sopo ndi madzi abwino, n'kuziyanika pathandala padzuwa. Muzitsukanso mwana akadwala m'mimba kapena chimfine, ndiponso nthawi ya dzinja pamene matenda otsegula m'mimba ndi kolera amafala. Zamatabwa musaziviike, zimang'ambika. Zipukuteni ndi nsalu ya sopo. Zidole za labala zokhala ndi kabowo zimasunga madzi ndipo mkati mumada ndi nkhungu, ndiye zifinyeni mpaka madzi athe kapena zitayeni. Wokwawa muzimuyalira mphasa kutali ndi pamene nkhuku zimayenda, chifukwa chidole chogwera pa zitosi chimabwerera m'kamwa.

Mwana wanga sachita chidwi ndi zidole ngati anzake. Ndidandaule?

Kusakonda chidole china si vuto. Koma pitani naye kusikelo mukafotokozere azaumoyo ngati sadzidzimuka ndi phokoso lalikulu, satsatira nkhope yanu ndi maso kapena samwetulira pofika miyezi 3, sakhala yekha pofika miyezi 9, saloza kapena kubayibitsa atapitirira chaka, sayenda pofika miyezi 18, salumikiza mawu awiri pofika zaka 2, kapena wasiya kuchita zimene ankatha kale. Chidole chatsopano sichithetsa zimenezi, pamene thandizo lofulumira limasintha zambiri.

Mwana wolumala asankhiridwe choseweretsa molingana ndi zimene akutha panopa, osati zaka zake. Ngati zala zimavuta kugwira, kulungani nsalu pa chogwirira kuti chinenepe. Wosaona bwino mupatseni zolira ndi zosiyana kakhudzidwe, ndipo muzimuuza dzina la chimene wagwira. Wosamva bwino muzikhala kutsogolo kwake kuti aziona nkhope ndi manja anu. Mwana wachialubino nthawi zambiri amavutika kuona zapatali ndi zazing'ono, ndiye zithunzi zikhale zazikulu, za mizere yakuda kwambiri, muloleni aziyandikitse kumaso mmene akufunira, ndipo azisewera pamthunzi atavala chipewa.

Nditani ngati mwana watsamwa ndi kachidutswa ka chidole?

Ngati akutsokomola mwamphamvu kapena akulira mokweza, mpweya ukudutsa. Mulimbikitseni kutsokomola ndipo musamusiye yekha. Musapise chala m'kamwa mongofufuza, chifukwa mukhoza kukankhira chinthucho mkati. Chotsani chokhacho chimene mukuchiona bwino.

Ngati sakutulutsa mawu, sakupuma, kapena milomo ikusintha mtundu, itanani anthu mukuyamba thandizo. Wosakwana chaka mugonekeni chafufumimba pamkono panu kapena pantchafu, mutu utatsika kuposa thupi, chibwano mutachigwira. Menyani pakati pa mapewa ndi tsinde la chikhatho kasanu. Chikapanda kutuluka, mutembenuzeni chagada, ikani zala ziwiri pakati pa chifuwa, m'munsi pang'ono mwa mzere wa mawere, ndipo dinikizani mwamphamvu kasanu. Khanda musalifinye pamimba.

Wopitirira chaka muweramitseni, mumenyeni kumsana kasanu chimodzimodzi. Kenako gwadani kumbuyo kwake, ikani chibakera pamwamba pa mchombo koma m'munsi mwa fupa la pachifuwa, gwirani ndi dzanja linalo, ndipo kokerani mkati ndi m'mwamba kasanu. Pitirizani kusinthanitsa ziwirizi mpaka chinthucho chituluke, wina akukonza zoyendera. Akakomoka, mugonekeni pamalo olimba, yambani kudinikiza pachifuwa ndi kumupumira m'kamwa, ndipo musasiye muli m'njira. Ngakhale chinthucho chitatuluka, mupite nayebe kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati munamufinya pamimba kapena akupitiriza kutsokomola, chifukwa kachidutswa kena kakhoza kukhala katatsikira m'mapapo.